Mendulo ya Ibrahimu Wina

Ku Kotakota dzina la Ibrahimu silinali losowa. Munthu ukaima pa doko tsiku lofika sitima n'kukuwa kuti "Ibrahimu!" ankacheuka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, wina ali ndi dengu la usipa pamutu, wina akukokera bwato kumtunda. Koma mwa onsewo analipo atatu amene mbiri yawo inamveka kutali. Woyamba anali nahoda, woyendetsa chombo cha thanga m'masiku a malonda a minyanga. Wachiwiri anali mphunzitsi wa ku mishoni. Wachitatu anali sajeni wa Keyala pa nkhondo ya Jeremani. Nkhani ino si ya atatuwo, ngakhale onse alimo. Ndi ya Ibrahimu Kalilu, amene kwa zaka zoposa makumi awiri ankanyamula thumba la makalata pakati pa Kotakota ndi Kasungu, wapansi.

Dzinalo analitengera pamadzi. M'chaka cha 1889 mayi ake, ali oyembekezera masiku atatsala pang'ono, anakwera chombo kuchokera kutsidya kwa nyanja kubwerera kwawo ku Linga, pa Kotakota pomwepo. Ali pakati mwera unadzuka. Thanga linang'ambika, madzi anayamba kulowa, amalonda ena n'kuyamba kuponya mitolo yawo m'nyanja uku akutchula dzina la Mulungu. Nthawi yomweyo mayiwo matenda anawayamba. A Nahoda Ibrahimu Mohamedi sanachoke pa tsigiro kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pomwe ankalowetsa chombo kuseri kwa mchenga wautali umene umatchinga doko, mwana anali atabadwa kale kuseri kwa nsalu imene amayi awiri anagwirizira. A Kalilu, bambo wa mwanayo, atamva zonsezi sanafunse munthu za dzina.

Mwanayo anakula akumva za wajina wake, monga a ku Linga amatchulira munthu amene uli naye dzina limodzi. Ankati a Nahoda amanunkhiza mphepo isanafike, ndipo m'zaka makumi atatu sanamizepo chombo. Iye anawadziwa atakalamba, malonda a anthu atatha, akungowolotsa mpunga ndi mchere. Ankafunitsitsa kudzakhala ngati iwo. Koma zinakanika mochititsa manyazi. Akangokwera bwato, ngakhale nyanja ili phee, chizungulire chinkamugwira n'kuyamba kusanza. Anzake ankafa nazo kuseka kuti munthu wobadwira m'chombo akuopa madzi. Atayesa kachisanu, a Nahoda anamuitanira pambali.

"Wajina, nyanja yakukana," anatero. "Usaikakamize. Kafune chako kumtunda."

Chake chinali miyendo. Anali wamtali, wowonda, wa mapazi otambalala, ndipo poyenda sankaoneka kufulumira, koma woyenda naye ankangozindikira kuti wayamba kuthamanga. M'chaka cha 1911 ku Boma atafuna onyamula makalata, anamulemba tsiku lomwelo. Anamupatsa yunifolomu yofiira, mkondo, ndi thumba lokhuthala lomata pakamwa. Ulendo unali wa masiku atatu kupita, atatu kubwerera. Njira inkakwera mapiri n'kulowa m'nkhalango ya akashembe, mmene njovu zinkagwetsa mitengo pakati pa njira ndipo mapazi a mikango ankapezeka pamwamba pa mapazi ake adzulo. Nthawi ya dzinja ankawoloka Bua thumba lili pamutu, madzi ali m'khosi. Anaphunzira kumvera mbalame ndi anyani, kudziwa poima ndi pozungulira. Thumba silinanyowepo.

Kupatula thumba lomatalo, ankatenganso makalata apamanja a anthu a m'midzi ya m'njira, ochokera kwa amuna awo ku Halale ndi ku Joni. Imeneyi sinali ntchito imene anamulembera, koma akapanda iye makalatawo akanawolera pa shelefu. Popeza sankadziwa kuwerenga, kalaliki ankamutchulira maina, iye n'kumaika chizindikiro cha khala pa envulopu iliyonse. Tsiku lina mvula inafufuta zizindikiro ziwiri. Kalata ya uthenga wa maliro anaipereka pa khomo lolakwika. Mayi wa pakhomopo anadzigwetsa pansi, mudzi wonse unasonkhana, ndipo analira mwamuna wamoyo kuyambira m'mawa mpaka masana, pamene wina anatola envulopu n'kuona kuti dzina si lake. Ibrahimu anapepesa atagwada, kenako anayenera kunyamula kalata yomweyo kukaipereka kwa mwini wake weniweni mudzi wotsatira.

Atabwerera ku Kotakota anachita chinthu chimene bambo ake anamuletsa kuyambira ali mwana: analowa pa mishoni. Anapita kunyumba kwa mphunzitsi wamkulu, munthu amene anatsegula masukulu m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, ndipo aphunzitsi ambiri a chigawocho anadutsa m'manja mwake. Anawapeza pakhonde akusoka chikuto cha buku.

"A Mwalimu, ndisakunamizeni," anatero atapereka moni. "Ubatizo sindikuufuna. Ine ndine wa ku mzikiti. Ndikufuna kudziwa kuwerenga maina basi."

A Mwalimu anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuseka.

"Maina okha? Nanga iweyo dzina lako ndani?"

"Ibrahimu."

"Ndiye tiyambire pomwepo. Ndi langanso limenelo."

Analemba zilembo zisanu ndi zitatu pa sileti n'kumupatsa. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse limene sanali pa ulendo, Ibrahimu ankakhala pakhondepo, munthu wandevu, lilime lili kunja, akulimbana ndi choko. Tsiku lina atazolowerana anayamba kudzitama za kumene dzina lake linachokera, za mwera uja ndi a Nahoda amene sanamizepo chombo. A Mwalimu anamvetsera mpaka kumapeto.

"N'zoona, anali katswiri," anatero motsitsa. "Chombo chawocho ndikuchidziwa. Ndinakweramo ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, chingwe chili m'khosi. Amayi anga anali kutsogolo kwanga pa chingwe chomwecho. Ine anandiwombola kunyanja yamchere, n'kundipatsa dzina ili pa ubatizo. Iwo sindidziwa kumene anathera."

Ibrahimu anasowa poyang'ana. A Mwalimu anatenga sileti n'kufufuta ndi chala chilembo chimodzi.

"B wako wayang'ana kumbuyo. Lembanso."

Anapita kwawo mutu uli wolemera. A Nahoda atamwalira chaka chomwecho, iye ananyamula nawo jeneza, chithatha cha maliro awo, poti anapulumutsa mayi ake ndipo zimenezo sizikanafufutika. Koma za mwera uja sanazikambenso modzitama, kwa wina aliyense. Pofika chaka chotsatira ankawerenga envulopu iliyonse yekha, ndipo m'midzi ina ankamupempha kuti awerengenso zam'kati.

Anakwatira Rahila wa kwa Malengachanzi, mayi wamfupi, wolima mpunga wa faya, wosabisa mawu. Anabereka mwana wamkazi, Rukiya. Mwanayo akuyamba kuyenda, m'chaka cha 1917, nkhondo inafika pakhomo pawo. Ankasonkhanitsa amuna a mtengatenga, ndipo munthu wodziwika ndi kuyenda sakanatsala. Anamuwolotsa nyanja pa sitima, akusanza njira yonse, n'kukamusenzetsa bokosi la zipolopolo m'dziko la Apwitikizi. Za miyezi imeneyo sankakonda kukamba. Anthu ankagwa ndi njala ndi kamwazi, anzawo n'kungotola katundu wawo, ulendo n'kumapitirira.

Tsiku limodzi lokha ndi limene linamukhala m'maso. Ankawoloka mtsinje wina waukulu cha m'mawa, amtengatenga ali pakati pa madzi, pamene mfuti yachiwaya inayamba kulira kutsidya. Anthu anagwa ngati mapira odulidwa. Ibrahimu anataya bokosi n'kudziponya m'bango, nkhope m'matope. Ali momwemo anamva mzungu akukuwa, "Ibrahimu! Ibrahimu!" Anadzutsa mutu, akuyesa akuitana iye. Koma amene anadzuka anali munthu wina, wamfupi, wojintcha, wa mizere itatu pamkono. Munthuyo anakuwira asilikali asanu, anawoloka nawo chothamanga madzi akuthovoka mbali zonse, anakwera gombe, ndipo patapita kanthawi chiwaya chija chinati zii. Kenako anabwereranso m'madzi, zipolopolo zina zikadali kulira, n'kuvuula amtengatenga awiri ovulala, mmodzimmodzi. Akubwerera kachitatu china chake chinaphulika patsogolo pake, ndipo anamutulutsa nkhope ili magazi okhaokha.

Madzulo ake mu msasa dzina linali limodzi pakamwa pa onse: Sajeni Ibrahimu Fakiri, wa ku Chia. Asilikali anamupekera nyimbo. Anamunyamula pa machila kupita kumbuyo, ndipo Ibrahimu wamakalata sanamvenso za iye. Ankayesa anafera m'njira.

Anabwera kwawo kumapeto kwa 1918 ali mafupa okhaokha, mapewa atachita zikang'a, ndi chilonda pa msongolo chimene chinkapola n'kuyambanso. Anauza Rahila kuti thumba la makalata adzanyamula, koma katundu wina aliyense wa pa phewa, ngakhale mtolo wa nkhuni, ayi. Atapezako mphamvu anavalanso zofiira zake n'kubwerera m'njira ya ku Kasungu, akutsimphina pang'ono.

Mu Meyi 1921, atangotula thumba, kalaliki wa pa Boma, Cyril Maganizo, anamuitanira mu ofesi. Cyril anali mnzake, ngakhale wina ankapemphera Lachisanu wina Lamulungu. Nkhope yake inali ikuwala.

"A Ibrahimu, pa mtsinje uja wa kwa Apwitikizi, pamene anthu anavuulidwa chiwaya chikulira, munalipo?"

"Ndinalipo."

"Ndiye basi! Ndinadziwa ine."

Anafotokoza kuti sitima yabweretsa kaphukusi, m'kati muli mendulo ya ulemu wa kulimba mtima. Chikalata chake chinanyowa m'njira, inki n'kuyenderera, moti zimene zinkawerengeka zinali dzina lakuti Ibrahimu, mawu akuti Kota Kota, ndi za mtsinjezo. Cyril anafunsafunsa m'tauni. Mwa a Ibrahimu amene ankadziwika kuti anapita ku nkhondo, awiri anafera konko, wotsala anali iyeyu. Mzungu wa pa Boma, amene anali atangofika kumene, anakondwa kwambiri kuti ngwaziyo ndi wantchito wake. Ananena kuti adzamuveka mendulo pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mfumu ya azungu, pamaso pa anthu onse, ndipo adzamukweza kukhala kapitawo wa amesenjala.

"Njira ya ku Kasungu mwathana nayo," anatero Cyril. "Mwendo wanuwo upumule."

Ibrahimu anayang'ana mwendo wakewo. Chilonda chinali chikumuwotcha nthawi yomweyo. Anangoti zikomo n'kutuluka.

Anapeza Rahila akupuntha mpunga pabwalo. Anamuuza zonse, za mendulo, za ukapitawo, ndiponso za mwini wake weniweni.

"Munthuyo ali kuti?" anafunsa Rahila.

"Sindidziwa. Mwina anafa."

"Ndiye vuto lili pati? Dzina ndi lanu. Pa mtsinje munalipo. Mwaba chiyani?"

"Mayi a Rukiya, ine tsiku limenelo ndinali m'bango."

"M'bangomo munakalowamo mukuchokera ku ukwati?" Rahila anaponya ndodo pansi. "Anakutengani muli munthu, anakubwezani muli chigoba. Ndani anakuthokozani? Mapewa awo ndani anawapatsa mendulo? Ine ndimatsuka chilonda chimenecho, ndikudziwa mmene chikununkhira. Tsiku lina mkango udzakupezani mukutsimphina, ine adzandibweretsera chisoti chofiira chokha. Mulungu wakutsegulirani khomo, inu mukufuna kulitseka ndi manja anu?"

Ibrahimu anadziwa kuti zonse zimene mkazi wake ananena zinali zoona. M'mawa mwake ananyamula thumba n'kuuyamba wa ku Kasungu, nkhaniyo ili momwemo. Masiku asanu ndi limodzi anayenda nayo yekha. Nthawi zina ankadziona atakhala pa mpando pakhonde la Boma, akutuma anzake, mwendo uli pa chitsa. Koma akafika poganiza za tsikulo, anthu atadzaza bwalo, wina n'kumufunsa kuti tatiuzani mmene munawavuulira, malotowo ankathera pomwepo. Ankadziwa kuti funsolo lidzabwera, osati kamodzi, ndipo Rukiya akadzakula adzalifunsanso.

Atabwerako sanapite n'kunyumba komwe. Anapempha Cyril kuti amulowetse kwa mzungu ndi kumumasulira. Anavula chisoti, anaima mowongoka.

"Bwana, ndikupempha kuona mendulo ija."

Anamupatsa. Anaitembenuza m'manja, n'kuibweretsa pafupi ndi maso. M'mphepete mwake munali tizilembo tating'onoting'ono. Anawerenga pang'onopang'ono, monga anaphunzirira pakhonde paja: nambala, kenako zilembo zitatu, kenako dzina.

"Zilembo zitatu izi zisanafike pa dzina, zikuti chiyani?"

Mzungu anatenga mendulo, anayang'anitsitsa, nkhope n'kufiira. Zinali chidule cha mawu akuti sajeni.

"Ine sindinakhalepo sajeni, bwana. Ndinali wamtengatenga. Zimene zalembedwa m'chikalatamo ndinaziona ndi maso anga, koma wochita anali wina. Ndinayenera kunena tsiku lomwe lija. Ndinachedwa, pepani."

Cyril anamasulira. Kenako mzungu anafunsa kumene sajeniyo angapezeke.

"Ngati ali moyo, ali ku Chia. Ngati anafa, kuli abale ake. Ndipatseni masiku atatu."

Tsiku la mwambo linali litatsala masiku anayi. Cyril anakopera nambala ija pa kapepala, Ibrahimu anakapinda n'kukaika m'chisoti, n'kulunjika kumwera.

Ku Chia kunali kukolola mpunga, ndipo anthu anali m'madimba. Mudzi uliwonse umene anafunsa, yankho linali funso: Ibrahimu wake uti? Anamulozera wosema mabwato, anamulozera wina wogulitsa fodya, anamulozera ndi khanda lomwe. Za sajeni palibe ankadziwa. Tsiku lachiwiri masana mayi wina amene ankanyika chinangwa m'mbali mwa madzi anaima n'kuganiza.

"Kapena mukunena wosaona uja, mlongo wawo wa a Habiba? Amene amapota bwazi wa maukonde? Anabwera naye asilikali chaka chijachi, koma zoti anali sajeni sitinamve."

Anamupeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mlongo wake, akupota chingwe cha ukonde pa ntchafu. Thupi lojintcha lija linali litatha. Pamene panali maso panali zipsera. Koma Ibrahimu anamuzindikira mapewa ndi khosi.

"Salamu aleikumu, a Sajeni."

Manja aja anaima.

"Aleikumu salamu. Ndani ameneyo? Kuno kulibe sajeni."

"Ndine wajina wanu, Ibrahimu Kalilu wa ku Linga, wonyamula makalata. Ndatumidwa ndi Boma. Koma poyamba ndikufunseni: nambala yanu ya usilikali mukuikumbukira?"

Munthuyo anawongola msana osadziwa, n'kuitchula yonse mwakamodzi, mwa Chingerezi cha pa perete. Ibrahimu anayang'ana pa kapepala. Inali yomweyo. Anakhala pansi n'kufotokoza za mendulo. A Habiba anali atabwera n'kuima chapatali, manja ali pakamwa.

"Kachitsulo," anatero a Sajeni atamva zonse. "Ndichite nako chiyani? Ndikaone ndi chiyani? Kawauzeni akupatseni inuyo, poti dzina ndi limodzi. Ine za nkhondo ndinazisiya konko pamodzi ndi maso."

"Anafuna kundipatsa. Ndakana."

"Ndinu wopusa."

"Akazi anga anenanso zomwezo." Ibrahimu anasendera pafupi. "A Sajeni, ine pa mtsinje paja ndinalipo. Ndinali m'bango, nkhope m'matope. Mzungu atakuitanani ndinadzutsa mutu, ndiye ndinaona zonse. Anthu awiri munawavuula aja, mukudziwa kumene ali?"

A Sajeni anafunsa ndi mawu ena, otsika.

"Anakhala moyo? Palibe anandiuzapo. Ku chipatala ndinkafunsa, palibe ankadziwa."

"Mmodzi anamwalira patapita masiku. Winayo ndi Hassani wa ku Nkhunga. Ndinabwerera naye sitima imodzi. Amayenda ndi ndodo, koma akulima. Chaka chatha mkazi wake anabereka mapasa."

"Mapasa," anabwereza a Sajeni. Anapapasa pansi kufuna chingwe chawo, anachipeza, koma sanapote. Anangochigwira. A Habiba anali akulira mosatulutsa mawu. Patapita nthawi a Sajeni anati, "Kotakota ndi kutali. Miyendo yangayi siyifika."

"Imeneyo ndi ntchito yanga."

Anamanga machila ndi nsungwi yaikulu ndi ukonde wakale. Amuna atatu a m'mudzimo anasiya mpunga wawo kuti athandize, koma onyamula ankafunika anayi osinthana awiriawiri. Ibrahimu anayang'ana nsungwi ija, anakumbukira zimene anauza mkazi wake, n'kuika phewa lake kutsogolo. M'njira a Sajeni anayamba kulankhula, mwina koyamba chibwerere. Ankafunsa kuti tafika pati, mtengo wakutiwakuti ukadalipo, ndipo pena ankadzudzula onyamula kuti mapazi awo sakugwirizana. Anafika ku Kotakota dzuwa likadalipo, chilonda cha Ibrahimu chitatsegukanso, magazi akutsikira ku chidendene.

M'mawa mwake bwalo la pa Boma linadzaza. Kunali mafumu, mashehe, apolisi pa mzere, ndi ana a sukulu amene a Mwalimu Ibrahimu, tsopano imvi zili mbuu, anabwera nawo kudzaimba. A Sajeni anawaveka malaya a kaki obwereka. Dzina litaitanidwa, Ibrahimu wamakalata anawagwira pa chigongono n'kuyenda nawo mpaka pakati. A Sajeni anamenya phazi pansi n'kuchita sailuti, koma anali atayang'ana cha kumbali, kumene kunali mtengo wa mbendera. Ibrahimu anawagwira mapewa n'kuwatembenuza pang'ono, mwaulemu, n'kubwerera m'mbuyo. Cyril anawerenga za pa mtsinje zija m'Chinyanja, mokweza. Anthu a ku Chia amene anatsatira machila anayang'anana. Zaka ziwiri anakhala ndi munthuyo akumuyesa wopota bwazi chabe. Nthungululu zinayambira kwa a Habiba n'kufalikira bwalo lonse.

Anthu akubalalika, a Mwalimu anadutsa pamene Ibrahimu anakhala akumanga chilonda chake ndi kansalu. Cyril anali atawauza za tizilembo titatu tija.

"Ndamva kuti unawerenga zimene kalaliki wanga sanazione," anatero. "Cyril ameneyu ndinamuphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Iwe Loweruka lokha."

Rahila ku mwambowo sanapite. Anati mpunga sudikira. Ukapitawo unapita kwa munthu wina, ndipo kwa sabata yathunthu m'nyumbamo munkamveka mbale zokha. Chilonda ankatsukabe, koma mosalankhula, ndi madzi otentha kuposa masiku onse. Tsiku lachisanu ndi chitatu anayeza mpunga wa faya wosankha bwino m'dengu, anaumanga pamwamba ndi nsalu, n'kuuika pakhomo.

"Mukapita ku Chia mukapatse a Habiba," anatero. "Mayi amene uja akudyetsa munthu wamkulu yekha. Ndipo musandiyang'ane choncho. Maganizo anga sanasinthe."

Ku Chia anapitadi, ndipo anapitabe kawirikawiri kufikira a Sajeni anamwalira m'chaka cha 1930. Ankakhala pansi pa mango paja, wina akupota, wina akusimba za m'njira ya ku Kasungu. Ulendo wina anapita ndi Hassani wa ku Nkhunga, amene anayenda masiku anayi ndi ndodo yake kuti akagwire dzanja la munthu amene anamuvuula. Mendulo ija a Sajeni sankaivala. Inkakhala m'kathumba ka Habiba, n'kumatuluka pa Idi pokha.

Ibrahimu anayendabe ndi thumba zaka zina khumi ndi zinayi. Mkango sunamugwire, ngakhale tsiku lina anakhala mu mtengo kuyambira m'mawa mpaka masana, iwo utagona pansi pake. M'chaka cha 1935 msewu utakonzedwa, makalata anayamba kuyenda pa lole, ndipo onyamula wapansi anawauza kuti akapume. Anabweza mkondo ndi yunifolomu, n'kupita kukathandiza Rahila m'dimba, kumene mkazi wakeyo ankati amawokera mpunga ngati munthu wothamangira sitima.

Koma tsiku lonyamuka lole sankalephera kufika pa positi ofesi. Ankakhala pakhonde, mwendo atautambasula, n'kumayang'ana mitambo ya kumapiri. Dalaivala woyamba anali munthu wa ku Blantyre, wonyada, wa chipewa chopendeka. Tsiku lina mu Febuluwale nkhalambayo inamuuza kuti asanyamuke, Bua wadzaza ndipo pa chigwa chachiwiri nthaka yafewa.

"Madala, iyi ndi galimoto, si miyendo," anatero dalaivala, anthu n'kuseka.

Lole inatitimira pa chigwa chachiwiri mpaka mateyala kumira, ndipo inakhala pomwepo masiku asanu. Thumba la makalata linafika ku Kasungu pamutu pa munthu. Kuyambira pamenepo dalaivalayo, ndi ena onse amene anabwera pambuyo pake, asanalize injini ankayamba afika pakhonde paja, chipewa chili m'manja, kudzafunsa kuti, "Bambo, lero njira ikuti bwanji?"

Ibrahimu Kalilu anamwalira mu Juni 1952, atadwala masiku anayi okha. Rahila anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi, akulimabe faya, kwa mwana wawo Rukiya kwa Malengachanzi.